Mwana wanga wasiya tchalitchi, akuti akhristufe ndife achinyengo

Uthenga womwe ndalandira ndi uwu: "Abusa, ndine mayi wa Mvano, ndimakhala ku Blantyre. Mwana wanga wamkazi wa zaka 22 ali ku yunivesite, wabwera ku holide koma akukana kupita ku tchalitchi. Akuti ife timangodziwa kuyenda pamsewu ndi zikwangwani ikakhala nkhani ya amuna okwatirana okhaokha ndi yochotsa mimba, koma andale akabwera ndi envelopu pa Pepa Sande timawaimbira nthungululu pomwe tikudziwa kuti ndalamazo nzakuba. Tinakangana mpaka ndinamuuza kuti ku sukuluko amulowetsa mzimu woipa. Bambo ake akuti tisiye kumulipirira fizi mpaka nzeru zimubwerere. Ine zinthu ziwirizo ndimadana nazo ndithu, ndipo ulendo wa 2023 uja ndinayenda nawo. Kodi ndalakwa? Ndimuyankhe chani?"

Mayi, choyamba mtima pansi. Pa ntchito yangayi ndakhala ndi makolo ambiri akulira nkhani ngati yanuyi, ndipo mwana amene amandiopsa kwambiri ndi uja amangoti "chabwino amayi", Lamulungu nkuvala bwinobwino kupita nanu koma mumtima munazima kalekale. Wanuyu akukangana nanu chifukwa nkhani ya mpingo ikumuwawa, ndipo munthu sawawidwa ndi chinthu chomwe sachisamala. Nde musathamangire kuganiza kuti watayika.

Za fizi ndiyankhiretu chifukwa ndi zomwe zingaononge zinthu mwachangu. Muwauze bambo ake, mwaulemu koma mosabisa, kuti asayerekeze. Mtsikana wa zaka 22 amene ali mu tauni opanda fizi, opanda ya lenti, opanda ya chakudya, amene amamulandira ndi azibambo a magalimoto aja amazungulira ma hostel madzulo, ndipo chinthu chomwe mukuopacho mudzakhala mwamukankhiramo nokha. Komanso olo atagonja nkuyamba kupita ku tchalitchi chifukwa cha fizi, mudzakhala mwamutsimikizira mawu ake omwewo, oti kwathu kuno za Mulungu zimayendera ndalama. Aefeso 6:4 imalankhula ndi azibambo mwachindunji kuti asakwiyitse ana awo, awerenge ameneyo kaye.

Tsopano mwafunsa ngati munalakwa kuyenda nawo ulendo uja. Ayi simunalakwe. Ine ndimakhulupirira, ndipo ndidzalalikira mpaka kufa, kuti banja ndi la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, monga Genesis 2:24 inenera ndipo Ambuye Yesu anabwerezanso mawu omwewo pa Mateyu 19 atafunsidwa za ukwati. Chiphunzitso chimenechi sitinachipange ife ndipo tilibe mphamvu yochisintha chifukwa choti dziko lasintha kapena chifukwa choti amene amatipatsa thandizo akwiya. Mu July 2023 pomwe mipingo inayenda mu Blantyre, Akibishopu Thomas Luke Msusa ali patsogolo, Asilamu nawonso ali momwemo, nkuti nkhani ili kukhothi yofuna kuti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha athetsedwe, ndipo mu June 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempholo nkunena kuti wofuna kusintha lamulo apite ku nyumba ya malamulo. Mu December 2023 Vatican itatulutsa chikalata cholola ansembe kudalitsa anthu okhala m'maubale otere, mabishopu a Katolika a kuno kwathu anali m'gulu loyambirira kunena kuti ku Malawi kuno sizichitika. Mzika ili ndi ufulu wonena maganizo ake pa malamulo a dziko lake, ndipo mkhristu ndi mzika. Apo musachite manyazi.

Koma pali malire ake ndipo mwana wanu akuyenera kukumvani mukuwanena ndi pakamwa panu. Kunena kuti chinthu ndi tchimo sikupereka chilolezo choti munthu amenyedwe pamsika, athamangitsidwe pa lenti usiku, kapena abwezedwe ku chipatala akudwala. Ameneyo ndi munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndi mwana wa mayi wina wa Mvano ngati inu nomwe. Ndipo nkhani yoti tchimo lililonse lizipita ndi munthu kundende, pano lamulo limanena mpaka zaka 14 kwa amuna ogonana okhaokha, ndi nkhani ina yomwe akhristu okhulupirika amasiyana maganizo, sinanga chigololo nachonso ndi tchimo lalikulu koma sitinayendepo pamsewu kuti azibambo achibwenzi amangidwe. Mukamakambirana naye muzisiyanitsa ziwirizi, zomwe Baibulo limaphunzitsa ndi zomwe boma likuyenera kulanga, chifukwa ana ophunzirawa akaona tikuzisakaniza amangoti sitikudziwa chomwe tikunena.

Nkhani ya mimba ndiyomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi yomwe yandigwetsa misozi kwambiri pa ubusa. Mwana ali m'mimba ndi munthu, Salimo 139 imati Mulungu ndi amene amatiumba m'mimba mwa amayi athu, ndipo ine sindingavomereze kuti moyo umenewo uchotsedwe chifukwa wabwera nthawi yolakwika. Kwa zaka zambiri lamulo lathu lakhala likulola madokotala kuchitapo kanthu pomwe moyo wa mayi uli pachiwopsezo, ndipo panabwera bilu yokhudza kuchotsa mimba yomwe inkafuna kuonjezera zifukwa zina monga kugwiriridwa, mimba ya pachibale ndi zina. Mipingo inayenda pamsewu mu December 2016 kuikana, ndipo mu March 2021 aphungu anakana olo kungoikambirana m'nyumba ya malamulo. Ambiri tinaomba m'manja tsiku limenelo.

Koma mayi, kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher anapeza kuti m'chaka cha 2015 chokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno, lamulo loletsa lili pomwepo. Dziko lomwe anthu ambiri ndi opemphera, nde atsikana amenewa akuchokera kuti ngati si m'makwaya mwathu momwemu? Ine ndakhalapo pa benchi ya chipatala usiku ndi mayi wina atagwira chitenje chodzaza magazi, mwana wake wa Folomu 3 ali mkati madokotala akulimbana naye, anali atapita kwa mayi wina wa zitsamba kuseri kwa msika. Atachira ndinamufunsa kuti bwanji sunanene, iye anati ndimaopa kuti andilengeza kutsogolo. Amaopa kuimitsidwa mu mpingo kuposa imfa. Ndipo amene anamupatsa mimbayo anali bambo wina wokwatira, Lamulungu lotsatira anakhala pampando wake wa masiku onse atavala jekete, palibe anamufunsa kanthu.

Apa ndi pomwe ndimati amene akuti ali kumbali ya moyo aonekere pa mtsikana wa mimbayo. Amulandire, amuperekeze ku sikelo, amugulire matewera ndi beseni, akabereka amubwezere ku sukulu poti boma limalola mtsikana kubwerera akabereka, ndipo mwamunayo naye aitanidwe ku bwalo la akulu ampingo, ngati mtsikanayo ndi wamng'ono nkhani ipite ku polisi osati kukambirana pansi pa mtengo nkulipitsana mbuzi. Chilango cha mpingo chili ndi malo ake, sindikuchotsa ayi, koma chikamagwera mtsikana yekha chifukwa iye ndi amene mimba ikuoneka, ndekuti tikuphunzitsa atsikana athu kuti tchimo lenileni ndi kugwidwa, ndipo akatero amathamangira kochotsa.

Nde tibwere pa envelopu. Mayi, apa mwana wanu wanena zoona, ndipo akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tonse taziona. Pepa Sande yakonzedwa, mlendo wolemekezeka ndi phungu kapena nduna, afika mochedwa mapemphero ataima kumudikira, galimoto zitatu, amukhazika kutsogolo pampando wa khushoni womwe olo mkulu wampingo wokalamba sanaukhalepo, mlembi nkuwerenga pa maiki kuti bwana apereka mamiliyoni awiri ndi matumba a simenti makumi asanu, azimayi nthungululu, kwaya nkuyamba nyimbo, kenako amupatsa maiki kuti apereke moni ndipo moniyo amatha mphindi makumi awiri ya kampeni. Palibe amafunsa kuti malipiro ake ndi angati ndipo ndalamazi zachokera kuti. Mwezi wotsatira nyuzipepala ikalemba za bwanayo, abusa aja pakamwa patsekeka. Eksodo 23:8 inanena kale kuti chiphuphu chimachititsa khungu anthu openya, ndipo Mika 3:11 amadzudzula ansembe ophunzitsa chifukwa cha malipiro ndi aneneri olosera chifukwa cha ndalama, kwinaku akuti Yehova ali pakati pathu.

Mukatenge Baibulo lanu mutsegule 1 Akorinto 6:9-10, ndime yomwe timaikonda kwambiri pa nkhani ya amuna ogonana okhaokha. Muwerenge mpaka kumapeto osalumpha. Mu mndandanda womwewo muli achigololo, akuba, osirira, oledzera, olalata ndi olanda za eni. Paulo sanawaike m'magulu awiri kuti awa tiyende nawo pamsewu, awa tiwakhazike kutsogolo. Munthu amene waba ndalama za mankhwala mpaka mayi woyembekezera nkufa pa chipatala cha kumudzi chifukwa ambulansi ilibe mafuta, ameneyonso wapha mwana wosabadwa, ndipo waphanso ndi mayi ake. Nde ife osunga chiphunzitso chakale, ngati tikuchisungadi, tikuyenera kukhala oyamba kukuwa pa katangale, chifukwa "usabe" ali pa mwala womwewo ndi "usaphe" ndi "usachite chigololo".

Andale amatidziwa bwino kuposa mmene timadzidziwira. Amadziwa kuti kuima pa guwa nkunena kuti "ine bola ndili moyo za mathanyula sizidzaloledwa" sikumutengera olo tambala imodzi, koma mavoti a mpingo wonse watenga. Pomwe kukonza chipatala, kusiya kudya za ma kontirakiti, kubweza zomwe anaba, zimenezo zimawawa m'thumba. Pali lamulo la zipani la 2018 loletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, koma njira yosavuta yolizembera ndi kudzera ku tchalitchi nkuzitcha chopereka. Ife tikalola ndekuti tagulitsa guwa.

Chomwe ndikufuna mumuuze mwana wanu, poti iye anabadwa zinthu zitasintha kale, nchoti mpingo wa m'dziko muno uli ndi mbiri ina yomwe mwina sanaimve bwino. Pa 8 March 1992, nthawi yomwe kungotchula dzina la Kamuzu molakwika kumakusowetsa, mabishopu a Katolika motsogozedwa ndi Akibishopu James Chiona anatulutsa kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi onse, yonena za malipiro ochepa, kumanga anthu popanda mlandu, ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, moyo wa mabishopu unali pachiswe. Ophunzira a ku Chancellor College, anzake a mwana wanuyo a nthawi imeneyo, anayenda pamsewu kuikira kumbuyo mabishopuwo. Chaka chomwecho mipingo ina ndi Asilamu analowapo nkupanga bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC), ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu kusankha zipani zambiri. Mu 2002 pomwe a Bakili Muluzi ankafuna kuchotsa malire a ma teremu a pulezidenti, mipingo inaimanso, bilu inagwa m'nyumba ya malamulo ndi mavoti atatu okha. Amene anachita zimenezi sanali anthu otayirira pa chiphunzitso, anali okhwima pa nkhani ya banja ndi moyo kuposa ife, koma ankadziwa ntchito ya mneneri Natani amene anadzudzula mfumu Davide pamaso.

Ndipo ngakhale posachedwapa, a Lazarus Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20 asanalowe ndale, 2020 ambiri tinavina kuti tsopano m'busa walowa ku State House. Koma mu February 2024, kwacha itagwa ndi 44 peresenti miyezi itatu m'mbuyo mwake, mabishopu a Katolika analemba kalata yonena kuti m'malo mofika ku dziko lolonjezedwa tafika ku Bagamoyo, doko lija la akapolo. Sanaope kuti mtsogoleriyo ndi mnzawo wa kolala. Mu September 2025 anthu anavotera a Peter Mutharika, ndipo muyeso womwe mpingo unayesera a Chakwera ukuyenera kukhala womwewo kwa awa, osachepetsa osaonjezera. Ine sindiuza munthu chipani choti avotere ndipo m'busa amene amatero pa guwa akulakwira nkhosa zake, poti mu mpingo umodzi muli a zipani zonse ndipo onsewo akudya Mgonero pa gome limodzi. Chomwe ndimaphunzitsa nchoti mkhristu povota ayang'ane zonse pamodzi, maganizo a munthuyo pa moyo ndi banja inde, komanso manja ake ngati ndi oyera, komanso mmene amachitira ndi osauka.

Tsopano chifukwa chani mwana wanu wayamba izi pano? Pali zingapo zomwe ndimaziona. Pena ndi msinkhu chabe, wafika poti chikhulupiriro cha amayi ake akufuna achiyese ngati chingakhale chake, ndipo ku yunivesite wakumana ndi anthu anzeru osapemphera koyamba m'moyo mwake, pa foni naponso akumva mbali zonse usana ndi usiku. Pena ndi mkwiyo wa achinyamata onse a pano, akuona anzawo omaliza digiri akugulitsa kaunjika pomwe ana a mabwana akulowa ntchito asanalembe olo kalata, nde akaona bwana yemweyo ali kutsogolo mu tchalitchi zimamunyansa. Koma pena, ndipo apa mutchere khutu, mkangano wa ndale umakhala chophimba cha bala lina. Mwina mnzake wapamtima anachotsa mimba nkumwalira kapena anachititsidwa manyazi mu mpingo. Mwina pali munthu wa mu mpingo amene anamuchita zosayenera ali wamng'ono ndipo sananenepo. Mwina iye mwini ali ndi mimba, kapena akulimbana ndi zilakolako zomwe akuopa kuzitchula, ndipo akuyesa kaye madzi kuti aone ngati amayi ake angamutaye. Sindikuti ndi choncho ayi, musapite kukamufunsa ngati wapolisi, ndikungoti mawu omwe mungalankhule za "anthu amenewo" muziwalankhula ngati kuti mmodzi mwa iwo wakhala pa mkeka womwewo.

Nde choti muchite. Mawu aja oti amulowetsa mzimu woipa muwabweze, mupite nokha mukamuuze kuti mwana wanga pamene paja ndinalankhula ndi mkwiyo. Simukutaya ulemu wanu potero. Kenako musankhe nthawi yomwe muli awiri, mukuphika kapena mukusankha nyemba, bambo ake kulibe, ndipo mumufunse kuti chinachitika nchani kuti afike pamenepa, nkukhala chete kumumvera mpaka amalize olo zina zikupwetekeni. Pomwe wanena zoona muvomere mosazungulira, muti za ma envelopu ukunena zoona ndipo inenso zimandinyansa. Pomwe simukugwirizana naye munene modekha chifukwa chake, kuti ine ndimakhulupirira kuti mwana wa m'mimba ndi munthu ndipo banja ndi la mwamuna ndi mkazi, ndipo kulakwa kwa abusa olandira ndalama sikusintha zimenezo. 1 Petro 3:15 imati tiziyankha ofunsa koma mofatsa ndi mwaulemu. Musayembekezere kuti agonja tsiku lomwelo, ndipo musamakambe nkhaniyi tsiku lililonse, holide isasanduke khothi. Lamulungu muzimuitana kamodzi, akakana mupite nokha, pobwera musamufunyire nkhope.

Pali chinanso chomwe chingalankhule kwa iye kuposa mavesi. Inu ndinu a Mvano, muli ndi mawu. Ku msonkhano wotsatira mukafunse kuti kodi mpingo wathu uli ndi lamulo lanji pa zopereka za andale, bwanji osanena kuti wofuna kupereka aponye m'mbale ngati wina aliyense popanda kulengeza ndi popanda maiki, makamaka chaka cha zisankho. Mukafunsenso kuti atsikana omwe anaimitsidwa chifukwa cha mimba chaka chathachi ali kuti, ndani anawayendera, ndipo amuna ake anaitanidwa? Ena akuyang'anani moipa, konzekeranitu, ndipo muyambe mwakambirana ndi amayi awiri atatu okhwima kuti musakhale nokha. Mukapeza mtsikana mmodzi wotere woti mumuthandize, mumupemphe mwana wanuyo akuperekezeni.

Chomwe ndikukuletsani ndi kumutengera kwa aneneri a madzi ndi mafuta ogulitsa kuti akamuchotse chiwanda. Ndaona ana akugwetsedwa pansi pamaso pa kamera, vidiyo nkuyenda pa WhatsApp, ndipo mwana wotero kuti adzapondenso pakhomo la tchalitchi zimatenga chisomo chapadera. Mafunso si chiwanda. Mupempherereni kuchipinda kwanu, mutchuleni dzina m'mawa uliwonse, ndipo ngati akuvomera kulankhula ndi wina, mupezereni m'busa kapena mayi wachikulire wophunzira amene saopa mafunso, kapena a chapulini a ku sukulu kwake, kaya atsogoleri a bungwe la ophunzira achikhristu la SCOM ngati ankapitako. Asankhe yekha munthu amene angamasuke naye.

Koma pali zizindikiro zomwe simukuyenera kudikira. Mukaona wasiya kudya, akudzitsekera kuchipinda masiku, sakugona, kapena akulankhula zoti bola kufa, mupite naye kuchipatala akaonane ndi a zamaganizo tsiku lomwelo ndipo musamusiye yekha, pemphero lipite limodzi ndi dokotala. Akakuululirani kuti wina anamugwiririra, kaya ndi kale kaya ndi mkulu wampingo, mumukhulupirire, mupite ku One Stop Centre ya pa chipatala chachikulu kapena ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo ngati zachitika kumene muthamange asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ikakhala nkhani yokhudza mwana wamng'ono pali nambala yaulere ya 116. Akakuuzani kuti ali ndi mimba, mawu anu oyamba akhale oti tilera limodzi, zokalipa zibwere m'mbuyo ngati zingafunike nkomwe. Ndipo mukadzaona iye kapena mtsikana wina aliyense akutaya magazi kwambiri, thupi latentha, m'mimba mukupotokola, musayambe ndi mafunso oti wachita chani, pezani galimoto mupite kuchipatala, chithandizo cha munthu amene mimba yachoka chimaperekedwa m'zipatala za boma ndi za mishoni zomwe. Bambo ake akapitiriza kuumirira za fizi, itanani ankhoswe kapena m'busa wanu akhale nawo pansi sukulu isanatsegulidwe.